Mmene mungayendetsere khadi la graphics pa Ubuntu amene mwangomuika kumene

Ngati mwangoika Ubuntu ndipo zithunzi zikuoneka zikuluzikulu kapena zikudukiza poyenda, kawirikawiri vuto silikhala khadi la graphics (chipangizo chimene chimatulutsa zithunzi pa monita) koma driver wake, pulogalamu imene imathandiza Ubuntu kuyendetsa khadilo.

Choyamba, onetsetsani kuti chingwe cha monita chalumikizidwa pa khadi la graphics osati pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), ndiponso kuti chingwe cha magetsi chalowa bwino ngati khadilo limachifuna. Kenako tsegulani Terminal (pulogalamu yolembamo malamulo) n'kulemba `lspci | grep -i vga` kuti mudziwe mtundu wa khadi lanu. Ngati ndi la AMD kapena Intel, ntchito ndi yochepa, chifukwa ma driver ake amabwera kale m'kati mwa kernel ya Linux (phata la Ubuntu limene limayendetsa zipangizo za kompyuta); ingolembani `sudo apt update && sudo apt upgrade` n'kuyatsanso kompyuta.

Khadi la NVIDIA ndilo limafuna chidwi, popeza driver wobwera kale ndi Ubuntu wotchedwa nouveau satulutsa mphamvu zonse za khadilo. Lembani `ubuntu-drivers devices` kuti muone driver woyenera, kenako `sudo ubuntu-drivers install`. Njira imeneyi ndi yodalirika kuposa kutsitsa fayilo ya .run yoikira driver kuchokera pa webusaiti ya NVIDIA, imene imatha kusokonekera kernel ikasinthidwa.

Apa ndi pamene ambiri amakodwa: ngati Secure Boot (chitetezo chimene chimaletsa mapulogalamu osavomerezeka kompyuta ikamayaka) ndi yoyatsa, mungafunsidwe kupanga pasiwedi, ndipo poyatsanso kompyuta muyenera kusankha mawu akuti Enroll MOK amene adzaonekere pa monita n'kulemba pasiwediyo, apo ayi driver sadzagwira ntchito. Pomaliza, lembani `nvidia-smi`. Dzina la khadi lanu likaonekera pamodzi ndi nambala ya driver, ndiye kuti zatheka.