Musanameze piritsi kapena ufa wa m'chitini, funsani kaye

Osewera mpira, othamanga, ankhonya, ndi inu aphunzitsi awo, dziwani kuti malamulo a WADA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 kuti lithane ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, sayamba afunsa ngati munachita dala. Chapezeka mu mkodzo kapena m'magazi mwanu, mlandu ndi wanu. Kufotokoza bwino kungachepetse chilango, koma kaŵirikaŵiri bwalo mumalisiya ndithu, ndipo pa ma steroid, mankhwala okulitsa minofu, chiletso chimafika zaka 4.

Taonani za André Onana, goloboyi wa ku Cameroon. Mu 2021, ali ku Ajax, anamuletsa kusewera miyezi 12 atamupeza ndi furosemide. Iye anati sankapeza bwino ndipo anameza piritsi la mkazi wake molakwitsa. Khoti la zamasewera la CAS linamva mfundo yake, koma linangotsitsa chilango kufika pa miyezi 9. Furosemide sawonjezera liwiro. Amakodzetsa kwambiri, ndiye amatha kubisa mankhwala ena, n'chifukwa chake analetsedwa. Kolo Touré, wosewera mpira wa ku Ivory Coast, nayenso anakhala panja miyezi 6 mu 2011 chifukwa cha mapiritsi a mkazi wake. Choncho mankhwala a munthu wina, kaya ndi a m'nyumba mwanu momwe, musawakhudze.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ufa ndi mapiritsi ogulitsidwa kujimu ndi pa Facebook, omwe amati amakulitsa minofu kapena kusungunula mafuta. Zinthuzi siziyang'aniridwa ngati mankhwala a kuchipatala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, labotale ya ku Cologne, ku Germany, inapima zinthu zotere 634 zochokera m'mayiko 13, ndipo pafupifupi 15 pa 100 zilizonse zinali ndi ma steroid osalembedwa pachitini. Ngakhale muwerenge chitinicho mpaka kumbuyo, simungawaone. Komanso nkhani si chiletso chokha ayi: ma steroid amawononga chiwindi ndi mtima, ndipo kwa amuna amachepetsa mphamvu yobereka.

Yambani ndi mbale yanu. Nsima, nyemba, usipa, mazira, mtedza, soya ndi mkaka zimamanga thupi la wosewera. Ngati dokotala wa timu wanena kuti mukufunikadi zowonjezera, gulani zokhazo zomwe zinapimidwa, monga zokhala ndi chizindikiro cha Informed Sport. Sungani chitini, nambala ya batch (yosonyeza gulu la zitini zopangidwa limodzi) ndi lisiti, chifukwa ndiwo umboni wanu tsiku la mlandu. Zitsamba zosakaniza nazonso samalani nazo, palibe amene angakuuzeni zonse zomwe zili m'botolomo.

Mndandanda wa WADA umasinthidwa chaka chilichonse ndipo watsopano umayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale. Maria Sharapova, wosewera tenesi wa ku Russia, anagwa pomwepa mu 2016: meldonium yemwe ankamwa kwa zaka zambiri anali atangoletsedwa kumene. Tramadol, yemwe ambiri amathamangira akamva kupweteka, ndi woletsedwa pa mpikisano kuyambira mu 2024. Mankhwala ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine, yemwe akachuluka mu mkodzo amakuikani m'mavuto.

Mukapita kuchipatala, uzani dokotala kuti ndinu wosewera amene amapimidwa. Ngati matenda anu akufuna mankhwala oletsedwa, pemphani mwachangu chilolezo chapadera chowagwiritsa ntchito pochiza matenda, chotchedwa TUE. Tsiku lopereka mkodzo, lembani pafomu chilichonse chomwe mwamwa m'masiku 7 apitawo, ngakhale Panado yemwe.