Mmene ndimaphunzitsira mwana mavawelo

Mdzukulu wanga ndinamuyambitsa pakhonde kwathu ku Matero, ndi kagalasi kakang'ono basi. Inunso yambani ndi pakamwa, pensulo ibwere pambuyo.

Mwanayo adziyang'ane pagalasi akutchula a, e, i, o, u. Aone kuti pa a kamwa imayasama, pa u milomo imasongoka, ndipo mpweya ukungotuluka popanda chouletsa. Vawelo ndi limenelo. Kenako atchule p kapena m, amve milomo ikutseka njira. Amenewo ndi makonsonanti.

Akagwira zimenezo, sinthani lembo limodzi lokha: phala, phale, phula. Apa ndimachedwapo masiku angapo, chifukwa mwana akazindikira kuti phala lakumwa lasanduka phale lokazingira nsawawa, saiwalanso. Muonetseninso kuti mawu athu onse amathera pa vawelo, ngakhale obwereka monga buku ndi sukulu.

Akafunsa kumene malembowa anachokera, muuzeni zoona. Afoinike, anthu akale a kudera limene lero ndi Lebanoni, ankalemba makonsonanti okhaokha. Agiriki atatenga malembo awo, ena anawasandutsa mavawelo: lembo loyamba la Afoinike, alefu, linakhala alefa, kholo la A wathuyu. Aroma anatengera kumeneko, ndipo amishoni ndiwo anatibweretsera malembo a Chilatini.

Tsopano mupatseni makala alembe pansi.