Kufunafuna mpingo pamene ndinu transgender

Ngati ndinu transgender, kutanthauza kuti munabadwa mwamuna koma mumadzimva kuti ndinu mkazi, kapena munabadwa mkazi koma mumadzimva kuti ndinu mwamuna, musayambe ndi kungotulukira m'tchalitchi Lamlungu n'kumayembekezera kuti zonse ziyenda. Ine ndimalangiza kuti muyambe mwaonana ndi abusa paokha, mkati mwa sabata, maso a anthu atachepa. Afunseni mosapita m'mbali. Kodi azikuitanani dzina lomwe mwasankha? Ngati amuna ndi akazi amakhala padera, inu muzikhala mbali iti? Nanga mgonero mudzadya nawo? Akayamba kuzungulira n'kumati "tonsefe ndi ochimwa", dziwani kuti ayankha kale kuti ayi.

Fufuzaninso zomwe mpingowo unalemba. Mu 2018 mabishopu a Church of England, mpingo wa Anglican wa ku England, analola kuti mwambo wotsimikizira ubatizo uzigwiritsidwa ntchito polandira munthu wa transgender m'dzina lake latsopano, popanda kumubatizanso. Mu 2023 ofesi yoona za chiphunzitso ku Vatican inati munthu wotere angabatizidwe, bola zisadzetse chisokonezo pakati pa akhristu. Komatu kalata ya kulikulu payokha siisintha nkhope ya wolandira alendo pakhomo.

Choncho pitani kangapo, mukhale cha kumbuyo, muzipenyetsetsa. Mayi mwakhala nawo pabenchi aja akukugawirani buku la nyimbo, kapena akukokera chikwama chawo pafupi n'kusendera?

Musaululire aliyense za moyo wanu. Kumene malamulo kapena anthu ndi ankhanza, muyambe mwadziteteza. Podikira kupeza malo, werengani Yesaya 56:3-5 ndi Machitidwe 8, pomwe Filipo anabatiza mfule ya ku Etiopiya panjira yopita ku Gaza atangoona madzi, osaitanitsa bwalo la akulu a mpingo.