Kusankha sikirini yaikulu youlutsira ndege pakompyuta

Ngati manambala a m'chipinda cha woyendetsa ndege akuvuta kuwerenga mu masewera oulutsa ndege a Microsoft Flight Simulator kapena X-Plane ndipo mukufuna sikirini yokulirapo, tsatani izi.

Yambani ndi kuyeza mtunda wochokera pamaso panu kufika pomwe sikiriniyo idzakhale, chiwongolero chili kale patebulo. Chiwongolero chimakubwezani m'mbuyo, choncho sikirini ya mainchesi 32 siikula mopitirira muyeso.

Kenako onani mphamvu ya graphics card yanu, khadi ya m'kompyuta imene imapanga zithunzi, poti ambiri amagwa nayo pamenepa. Sikirini ya 4K ili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa ya 1080p, ndiye khadi ikakhala yofooka chithunzi chimadukizadukiza, makamaka potera pabwalo lodzaza ndege. Khadi yapakatikati imayenderana ndi sikirini ya timadontho 2560x1440 pa mainchesi 27.

Kwa ine sikirini yabwino ndi yotambalala, ya mainchesi 34 ndi 3440x1440. Mukamakhota kuti mutere, msewu wa ndege mumauonera pawindo la m'mbali osatembenuza kamera.

Musataye ndalama pa 240Hz (sikirini yosintha chithunzi ka 240 pa sekondi), masewerawa safika kumeneko kawirikawiri. Funani sikirini yokhala ndi FreeSync kapena G-Sync, zomwe zimathandiza kuti iziyendera limodzi ndi khadi, chithunzi chisamadukeduke. Ngati mumakonda kuuluka usiku, sankhani sikirini ya mtundu wa VA kapena OLED chifukwa mdima wake umaderadi, ndipo muilumikize ku kompyuta ndi chingwe cha DisplayPort.