Kompyuta ikamangozima yokha kapena kuonetsa sikirini ya buluu, musathamangire kufomata

Kuno ku Joni ambiri a ife laputopu tinagula yogwiritsidwa kale ntchito, mwina m'mashopu a m'tauni cha ku Small Street, mwina kwa munthu wa pa Facebook Marketplace. Ndi yomweyo timalembera ma CV, kuphunzirira, kusungamo maakaunti a geni ndi zithunzi za ana amene tinawasiya kumudzi. Ikayamba kuzima yokha, kuuma osayenda kapena kuonetsa sikirini ya buluu ija, anzathu amafulumira kunena kuti "ingoifomatani achimwene." Ine malangizo amenewa ndimawakana. Kufomata kumafufuta zinthu zanu, kumadya tsiku lonse ndi data yambiri, ndipo ngati chavuta ndi RAM (kam'bale kosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira), disiki kapena kutentha, vuto limabwereranso sabata yomweyo. Kompyuta ikagwa imasiya mapazi. Tiyeni tiwatsate, koma tizisintha chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa mukasintha zinthu zinayi pakamodzi simudzadziwa chimene chinali kudwala.

Musanagwire china chilichonse, koperani mafayilo anu ofunika pa flash kapena pa Google Drive. Ngati ndi disiki imene ikufa, mwina kuyaka kwa lero ndi komaliza.

Werengani zimene yalemba

Sikirini ya buluu, imene pa Windows 11 yatsopano inasinthidwa kukhala yakuda m'chaka cha 2025, imakhala ndi mawu a zilembo zazikulu m'munsi. Jambulani ndi foni. Ikamathawa msanga musanajambule, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani sysdm.cpl, pitani pa Advanced, kenako Settings pansi pa Startup and Recovery, n'kuchotsa kachizindikiro pa Automatically restart. Ikadzagwanso idzaima pomwepo mpaka muwerenge.

Mawuwo amaloza komwe muyambire. MEMORY_MANAGEMENT ndi PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA kawirikawiri amatitumiza ku RAM, ngakhale driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) woipa angawabweretsenso. DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL ndi nkhani ya driver. VIDEO_TDR_FAILURE ndi ya graphics, gawo loonetsa zithunzi pa sikirini. KERNEL_DATA_INPAGE_ERROR ndi INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE akukayikitsa disiki. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR ndiye wodetsa nkhawa kwambiri, chifukwa apa chipangizo chenicheni, nthawi zambiri purosesa (ubongo wa kompyuta) kapena motherboard (bolodi lalikulu lamkati lolumikiza zipangizo zonse), ndi chimene chadandaula, mwina chifukwa cha kutentha kapena magetsi osakhazikika. Nthawi zina pamatchulidwanso fayilo yothera ndi .sys. Mukaona nvlddmkm.sys dziwani kuti ndi driver wa Nvidia, igdkmd64.sys ndi wa graphics za Intel, atikmpag.sys ndi wa AMD.

Ngati simunajambule, palibe chataika. Dinaninso Windows ndi R, lembani perfmon /rel. Mudzaona mzere wa masiku, ndi timitanda tofiira pa tsiku lililonse limene inagwa. Chimene ndimakondera chida chimenechi n'choti chimaonetsanso zimene zinalowetsedwa tsiku lomwelo. Mukapeza kuti mavuto anayamba tsiku limene Windows Update inaika driver watsopano wa Wi-Fi, theka la ntchito latha. Mafayilo ofotokoza kugwa kulikonse amasungidwa mu C:\Windows\Minidump, ndipo kapulogalamu kaulere ka BlueScreenView kamawatsegula n'kuonetsa driver amene akuganiziridwa.

Magetsi a ku Johannesburg

Ngati imangothima phi, popanda sikirini ya buluu, yambirani ku magetsi ndi kutentha. Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika zake, mudzapeza Kernel-Power 41, koma isakuopseni. Nambala imeneyi imangonena kuti kompyuta inazima mosayembekezeka, siitchula chifukwa.

Tonse tinaona zimene load shedding ya Eskom inachita ndi zipangizo zathu, makamaka mu 2023, ndipo mpaka pano magetsi amathimathima m'madera ambiri chifukwa cha mawaya obedwa ndi ma transformer olemedwa. Choononga kwambiri si kuthima kwenikweni ayi, koma mphamvu imene magetsi amabwera nayo akamayaka. Onjezerani mphezi za dzinja la kuno, kuyambira cha mu October mpaka March. Power supply ya desktop, bokosi logawa magetsi mkati mwa kompyuta, ikamenyedwa kangapo siifa tsiku lomwelo. Imayamba kufooka, kompyuta n'kumazima pamene mwaipatsa ntchito yolemera. Magetsi akathima, zulani pulagi pakhoma, ndipo mudikire mphindi zingapo akabwera musanalumikizenso.

Ambiri timakhala m'chipinda chimodzi cha lendi momwe firiji, ketulo, hita ndi laputopu zonse zili pa adaputa imodzi. Yesani kulumikiza kompyuta yokha pakhoma kwa masiku angapo muone ngati zisintha. Kenako tembenuzani chaja muwerenge. Ma volt ake afanane ndi olembedwa kunsi kwa laputopu, ndipo ma watt asachepere. Laputopu yofuna 65W mukaipatsa chaja ya 45W ikhoza kumachedwa kapena kulephera kutchaja bwino, ndipo machaja otchipa opanda dzina amapereka magetsi osakhazikika. Mukaona touchpad yatukuka kapena kunsi kwa laputopu kwatupa, batire latupa. Lekani kuigwiritsa ntchito, batire limenelo likhoza kuyaka moto.

Ma driver

Driver ndi kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi chipangizo, monga printer, Wi-Fi kapena graphics. Ambiri amagwira ntchito mkati mwenimweni mwa Windows, ndiye akalakwitsa pang'ono amagwetsa kompyuta yonse. Pa 19 July 2024 dziko lonse linaona zimenezi pamene update yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zambiri n'kulephera kunyamuka. Makompyuta onsewo analibe chipangizo chofa ngakhale chimodzi.

Zulani kaye zonse zolumikiza: flash, printer, kadongle ka intaneti, mouse, hard drive yakunja. Ikasiya kugwa, bwezerani chimodzichimodzi mpaka wolakwa adziulule.

Ikapitirizabe, lowani mu Safe Mode. Gwirani Shift uku mukudina Restart, sankhani Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako dinani 4. Mu Safe Mode Windows imayenda ndi ma driver ochepa okha ofunikira. Ikakhala tsiku lonse osagwa m'menemo, kaikirani driver kapena pulogalamu. Ikagwanso ngakhale m'menemo, maso anu atembenukire ku zipangizo.

Kuti mubweze driver wakale, dinani Windows ndi R, lembani devmgmt.msc, pezani chipangizocho, dinani kawiri, pitani pa Driver, kenako Roll Back Driver. Batanilo likakhala lotuwa osadinika ndiye kuti wakale sanasungidwe. Zikatero sankhani Uninstall Device n'kutenga driver woyenera pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo, kaya ndi HP, Dell, Lenovo kapena Acer, pogwiritsa ntchito nambala ya model kapena serial yolembedwa kunsi. Chonde pewani timapulogalamu tolonjeza kukonza ma driver onse ndi batani limodzi. Timapulogalamu timeneti timaika ma driver osagwirizana ndi makina anu, ndipo tina timabwera ndi zinyalala zina.

Pali chinanso chimene chachuluka pa malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye ogulitsa ena akukakamiza Windows 11 pa makina akale amene sakwanitsa zofunika zake, monga kachipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Imayaka bwinobwino m'shopu, koma opanga makinawo sanatulutse ma driver a Windows 11 a model imeneyo. Funsani musanagule.

Mukamaliza za ma driver, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, ikatha lembani sfc /scannow. Zimenezi zimakonza mafayilo a Windows amene anaonongeka magetsi atathima mwadzidzidzi.

RAM

Apa ndi pamene pamafunika kuleza mtima. Dinani Windows ndi R, lembani mdsched.exe, lolani kompyuta iyambirenso, idziyeze yokha. Mayeso amenewa ndi achidule, ndipo nthawi zina amaphonya. MemTest86, imene mumaika pa flash n'kuyatsira kompyuta pamenepo, imafufuza mozama. Isiyeni usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi ndi chokwanira kunena kuti pali vuto.

Kutsegula laputopu si koopsa monga ambiri amaganizira, bola ngati ilibe warranty. Izimitseni, zulani chaja, chotsani kapena masulani batire. Gwirani chitsulo kaye, monga mpopi wa madzi, musanakhudze zamkati. Nyengo yozizira ya kuno mpweya umauma kwambiri, ndipo kamoto kamene kamakulasani mukagwira chitseko cha galimoto n'kokwanira kupha RAM. Kam'bale ka RAM kamagwidwa ndi timawaya tiwiri m'mbali. Mukatikankhira kunja ndi zala, kamadzuka kokha chopendekeka. Kagwireni m'mphepete, osati pa timano tagolide. Kabwezereni chopendekeka momwemo, n'kukanikiza mpaka mumve kuti "tha". Nthawi zina mankhwala ake ndi omwewo basi, makamaka pa laputopu imene imayenda m'chikwama m'mataxi tsiku ndi tsiku. Ngati muli timabale tiwiri, yesani kamodzi pakokha kwa tsiku, kenako kena. Onaninso zolembedwa pa timabaleto. Pa makina akale, DDR3 imayendera 1.5V pamene DDR3L imayendera 1.35V, ndipo laputopu yofuna DDR3L ikaikidwa DDR3 wamba ikhoza kukana kuyaka kapena kumagwa. Malaputopu ena opyapyala RAM yake ndi yowotcherera pa motherboard, imeneyo siichoka.

Disiki ndi kutentha

Disiki siivuta kuyeza. CrystalDiskInfo ndi yaulere, ndipo imakuuzani Good, Caution kapena Bad. Mukaona Caution, kapena mukamva hard drive ikulira "tiki tiki" mkati, koperani zinthu lero lomwe n'kugula SSD, disiki yopanda zozungulira mkati. Musayendetse chkdsk pa disiki yotere musanakopere, chifukwa ntchito yolemerayo ikhoza kuimaliza.

Za kutentha, ikani HWMonitor muone madigiri. Purosesa ikamafika 95 mpaka 100 imayamba kudzichedwetsa, ndipo ikapitirira imadzizimitsa kuti isapse. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka ndipo suziziritsa ngati wa kunyanja. Fumbi la August nalo limatseka mabowo a fani. Komanso mu June ndi July tonse timakonda kuonera mafilimu laputopu ili pa bulangeti, mabowo onse akunsi atatsekeka. Iikeni pa thabwa kapena pa thireyi. Pochotsa fumbi, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire pamene mukupemerera mpweya. Ngati makinawo adutsa zaka zinayi kapena zisanu, thermal paste, phala lopakidwa pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha, imakhala itauma ndipo imafunika yatsopano.

Mukapita kwa okonza

Mukayesa zonsezi koma ikugwabe, makamaka ndi WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, mwina ndi motherboard, ndipo imeneyo ndi ntchito ya odziwa. Pitani ndi zithunzi zija za sikirini ndi mndandanda wa zimene mwayesa kale. Uzani wokonzayo momveka kuti asafomate musanavomereze, ndipo akasintha chipangizo akupatseni chakalecho.

Ngati munagula pa shopu, sungani lisiti. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008, ndime 56, limakupatsani miyezi 6 yobweza katundu wolakwika, ndipo ndinu amene mumasankha kuti akonze, asinthe kapena akubwezereni ndalama, pokhapokha ngati anakuuzani za vutolo musanagule inu n'kuvomera. Ndime 57 imapereka miyezi 3 pa ntchito yokonza ndi zipangizo zimene aikamo. Lamuloli limateteza wogula aliyense, mlendo ndi nzika yemwe, koma silikhudza munthu wamba amene wangokugulitsani laputopu yake kamodzi. Ndipo ngati laputopuyo mukufuna kuitumiza ku Malawi pa basi kwa mwana wasukulu, yezani RAM, disiki ndi kutentha idakali kuno komwe shopu mukuidziwa.