Kuyamikira munthu popanda kunyoza mtundu wake

Munthu akati "ndinu wokongola ngakhale ndinu wakuda", amaganiza kuti wanena zabwino. Wouzidwayo amamva zina: kuti anthu akuda sakhala okongola, iyeyo wangochita mwayi. Vuto lagona pa mawu akuti "ngakhale", pamodzi ndi anzake monga "simuli ngati anzanu aja". Mawu otere amakweza munthu mmodzi popondereza mayi ake, abale ake ndi mtundu wake wonse.

Musanalankhule, chotsani mawu onena za khungu kapena mtundu, muone chotsala. "Lipoti lija mwalifotokoza momveka bwino" ndi mawu okwanira paokha. Ngati mutachotsa mtunduwo palibe chotsala, ndiye kuti chakudabwitsani ndi chakuti munthu wa mtundu umenewo wachita bwino, ndipo kudabwako mwiniwake amakumva. Mu 2007 wandale wa ku America Joe Biden anatamanda Barack Obama, amene ankafuna upulezidenti, kuti ndi munthu wakuda woyamba wotchuka wodziwa kulankhula, wanzeru ndi waukhondo. Ambiri anamva ngati akunena kuti akuda ena amene anapikisanapo pa upulezidenti wa America sanali otero, ndipo Biden anapepesa.

Zabwino zimene anthu amakakamiza mtundu wonse nazonso zimapweteka. Kuuza wophunzira kuti "anthu a ku Asia masamu ndi anu" kumafafaniza masiku onse amene anachezera akuwerenga. Tchulani chimene wachita ndi khama lake: "Funso lovuta lija mwalipeza bwanji?"

Musadabwe kuti wina amalankhula bwino chilankhulo cha dziko lanu musanadziwe kumene anabadwira. Mwina anabadwira komweko, ndipo mwamuuza kuti ndi mlendo kwawo. Tsitsi mungathe kuliyamikira, koma musaligwire. Mawu akuti "mwayererako, mukuoneka bwino" asiyeni ndithu, chifukwa akutanthauza kuti kuyera ndiko kukongola, ndipo ana amene ali pafupi amamva.

Kutchula mtundu kumayenera ngati mwiniwake wayambitsa yekha nkhaniyo, mwachitsanzo akamanyadira kuti ndi woyamba wa mtundu wake kufika pa udindo wina. Pamenepo kondwerani naye, mugwiritse ntchito mawu amene iye amadzitchula nawo.

Mukaona nkhope yasintha kapena wangoti zii, musathamangire kunena kuti "sindimatanthauza zimenezo". Nenani kuti, "Pepani, ndalankhula molakwika. Chimene chandisangalatsa ndi ntchito yanu." Musamukakamize kuti akufotokozereni chifukwa chake zamuwawa, ndipo musakafunse munthu wina wa mtundu wake kuti akuikireni kumbuyo.