Momwe mungapangire imparfait m'Chifalansa popanda kuloweza aneni mazanamazana

Wolankhula Chichewa amaidziwa kale imparfait, imodzi mwa nthawi zakale za mneni m'Chifalansa, kungoti sanauzidwe. Mukanena kuti "ndinkapita kumsika Loweruka lililonse", kachidutswa ka -nka- kamene kali pakati pa mneniyo ndiko kamagwira ntchito ya imparfait m'Chifalansa: j'allais au marché tous les samedis. Mukanena kuti "ndinapita kumsika dzulo", imeneyo ndi passé composé, nthawi yonena chimene chinachitika n'kutha: je suis allé au marché hier. Gwirani kusiyana kumeneku, chifukwa pa mayeso ophunzira ambiri sagwa pa kapangidwe ka mneni, amagwa pa kusankha nthawi.

Kapangidwe kake n'kosavuta, mwina kuposa nthawi zina zonse za Chifalansa.

Yambani ndi kuika mneniyo mu nthawi ya tsopano, pa "nous", kutanthauza "ife". Musayambire pa mneni monga alembedwera mu dikishonale, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Parler amapereka nous parlons, finir amapereka nous finissons, boire amapereka nous buvons, prendre amapereka nous prenons.

Kenako chotsani -ons kumapetoko. Chotsalacho ndilo tsinde lanu: parl-, finiss-, buv-, pren-. Mwaona chifukwa chake dikishonale ikanakupusitsani? Mu "boire" mulibe v, mu "finir" mulibe ss. Wina akalemba kuti "je finais" timadziwa kuti wadumpha "nous".

Pomaliza phatikizani mathero asanu ndi limodzi awa, omwe sasintha pa mneni aliyense: -ais, -ais, -ait, -ions, -iez, -aient. Tiyeni tione pa boire, kumwa:

je buvais
tu buvais
il, elle buvait
nous buvions
vous buviez
ils, elles buvaient

Polankhula ntchito imachepa kwambiri. Mathero a -ais, -ait ndi -aient amamveka chimodzimodzi, ngati "e" wa mu "mbewa", ndipo s, t ndi nt satchulidwa. Choncho buvais, buvait ndi buvaient khutu limamva ngati mawu amodzi. Vuto limatulukira m'kope, ndipo aphunzitsi amakonda kukola ana pamenepa akamalembetsa dictée, pamene iwo amawerenga mokweza ana n'kumalemba. Yang'anani mwini ntchitoyo, osati zimene khutu lamva.

Mneni mmodzi yekha ndi amene amakana lamulo la "nous". Ndi être, kukhala. Nous sommes alibe -ons woti muchotse, kotero tsinde lake mungoliloweza: ét-. Mathero ndi omwe aja: j'étais, tu étais, il était, nous étions, vous étiez, ils étaient. Aneni ena amene amavuta m'nthawi zina, pano amamvera: avoir amapereka j'avais, aller amapereka j'allais, faire amapereka je faisais. Ena alibe "nous" n'komwe chifukwa amayenda ndi "il" yekha, monga falloir ndi pleuvoir: il fallait, kunkafunika, il pleuvait, mvula inkagwa.

Pali tizinthu ta kalembedwe toyenera kusamala. Aneni othera -ger, monga manger, amasunga e patsogolo pa a kuti g asamveke ngati wa mu "galu": je mangeais, il mangeait, ils mangeaient. Koma pa nous ndi vous e ameneyu amachoka chifukwa i akufewetsa kale g: nous mangions, vous mangiez. Aneni othera -cer amachitanso zofanana ndi kamchira kapansi pa c, kotchedwa cédille: je commençais, koma nous commencions. Ndipo mukakumana ndi étudier musachite mantha ndi ma i awiri. Tsinde ndi étudi-, mathero ndi -ions, basi nous étudiions. Mukalemba i mmodzi mwabwerera ku nthawi ya tsopano.

Tsopano ntchito yake. Ya chizolowezi taiona kale. Mawu monga souvent (kawirikawiri), toujours (nthawi zonse), chaque jour (tsiku lililonse) ndi d'habitude (mwachizolowezi) amakonda kuyenda nayo: chaque matin, ma mère balayait la cour, m'mawa uliwonse amayi ankasesa pabwalo.

Ntchito yachiwiri ndiyo kuyala mphasa ya nkhani, kunena momwe zinthu zinalili china chisanachitike. Je dormais quand le téléphone a sonné: ndinali m'tulo pamene foni inalira. Tulo tinali mkati, n'chifukwa chake imparfait. Kulira kwa foni kunadula tulo kamodzi, n'chifukwa chake passé composé. Mukalemba nkhani yofotokoza za tchuthi, nyengo, maonekedwe a malo ndi zimene anthu ankachita zikhale mu imparfait, zimene zinagwa mwadzidzidzi zikhale mu passé composé.

Apa ndiye -nka- wathu amatha kukusiyani panjira. Pa msinkhu, nyengo ndi mmene munthu analili, Chichewa chimakonda "ndinali", ndipo -na- ameneyo amakoka wophunzira kuti alembe passé composé. J'avais dix ans ndi "ndinali ndi zaka 10". Elle était malade ndi "anali kudwala". Il faisait froid ndi "kunali kuzizira". Funso lodzifunsa ndi lakuti: kodi ndikunena chochitika chimene chinayamba n'kutha, kapena ndikufotokoza mmene zinthu zinalili? Ngati mwatchula malire enieni, monga pendant trois jours (masiku atatu) kapena deux fois (kawiri), bwererani ku passé composé ngakhale nthawiyo inali yaitali: il a plu pendant trois jours, mvula inagwa masiku atatu.

Imparfait ilinso ndi ntchito zimene sizikhudza zakale ayi. Pambuyo pa si imanena zongoyerekeza: si j'avais de l'argent, j'achèterais un vélo, ndikanakhala ndi ndalama ndikanagula njinga. Osalemba "si j'aurais", ngakhale mudzamva ena akulankhula choncho. Imagwiranso ntchito popereka ganizo: si on allait au marché? ndiye kuti "bwanji tipite kumsika?" Ndipo popempha mwaulemu, je voulais vous demander quelque chose, n'chimodzimodzi ndi ife tikamati "ndimafuna ndikufunseniko kanthu" titaima pakhomo pa munthu wamkulu.

Poyeserera, lembani ziganizo khumi za m'mene munkakhalira muli ku pulayimale, choyamba m'Chichewa. Dulani mzere pansi pa -nka- ndi "ndinali" aliyense, ndipo pa mneni aliyense lembani kaye "nous" wake m'mbali mwa tsamba musanaike mathero.